Kudyetsa nkhosa yoyamwitsa: mafunso ndi mayankho

Mafunsowa ndi a anthu amene amagwira ntchito ku Mandala kapena ku Limbe, koma ali ndi khola la nkhosa ku Mpemba, Chigumula, Lunzu kapena Chileka, ndipo amakaziona Loweruka lokha.

Nkhosa yanga inali yonenepa isanabereke. Yaonda bwanji chonchi?

Mkaka ndiwo waidya. M'masabata 6 oyambirira, nkhosa yoyamwitsa imafuna chakudya chopatsa mphamvu pafupifupi kawiri kuposa yosayamwitsa, ndipo ya mapasa imafuna choposa pamenepo. Mkaka umachuluka kwambiri sabata yachitatu ndi yachinayi. Chakudya chikaperewera, thupi limasungunula mafuta ake, ngakhale a kumchira amene nkhosa zathu zamakolo zimasunga. Kuonda pang'ono sikoopsa. Koma mukasisita pamsana mafupa n'kumabaya dzanja, mkaka wayamba kale kuchepa ndipo mwana apinimbira.

Komatu imadya udzu tsiku lonse?

Udzu wake uti? Wa mu Disembala ndi Januwale, wanthete, ndi wabwino, ngakhale umakhala ndi madzi ambiri. Wa mu Ogasiti mpaka Okutobala ndi wouma, wolimba, ndipo umachedwa kugayika. Mimba imadzaza, mwini wake n'kumati yakhuta, chonsecho mphamvu yapezamo yochepa. Mapesi a chimanga ndi chimodzimodzi. Paokha sangatulutse mkaka.

Nanga ndiipatse chiyani?

Masangwi a mtedza ndiwo oyamba kwa ine, makamaka oumitsidwa pamthunzi masamba asanayoyoke. Zimandipweteka ndikaona akutenthedwa m'munda mu Meyi, pomwe mu Seputembala nkhosa zidzakhala zikubudula nthaka. Kuno kummwera tili ndi mwayi wa nandolo. Masamba ake ndi makoko otsala pomenya ndi chakudya chomanga thupi, ndipo amapezeka nthawi yomwe udzu watha. Kholowa wa kudimba nayenso amathandiza. Nsenjere idulidwe isanakhwime, ikadali pafupifupi mita imodzi, ndipo iduliridwe tizidutswa. Masamba a lukina ndi gilisidiya ndi abwino, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa chiweto. Gilisidiya afotetsedwe kaye, apo ayi nkhosa zimakana fungo lake.

Gaga ndi wofunikadi?

Inde, ndiye gwero la mphamvu losavuta kupeza pachigayo chilichonse. Yambani ndi dzanja limodzi, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata kufikira magalamu 300 kapena 400 patsiku, mogawa m'mawa ndi madzulo. Kuithira wambiri tsiku limodzi kumasasitsa m'mimba, ndipo nkhosa ikhoza kufa. Wachuku tayani. Mchere pang'ono ndi madzi oyera zisasowe. Mchere wosakaniza wopangira ng'ombe kapena nkhumba musaupereke musanafunse mlangizi wa ziweto, chifukwa kopa wa m'menemo amaunjikana m'chiwindi cha nkhosa n'kuipha.

Mnyamata woweta amapita nazo kuphiri. Pali vuto?

Lilipo. Kukwera mtunda padzuwa la Okutobala kumatha mphamvu yomwe ikanakhala mkaka. Zoyamwitsa zidye pafupi ndi khola, ndipo muziziduliratu chakudya. Muzizipatula podya, chifukwa nkhosa yamphongo imalanda gaga. Ndipo zisayandikire kudzala. Majumbo amene ali mbwee m'mbali mwa misewu ya Bangwe ndi Machinjiri akalowa m'mimba satuluka.

Ndikuidyetsa bwino koma ikuondabe.

Tsegulani chikope chakumunsi. Chikakhala choyera m'malo mofiira, ganizirani njoka zam'mimba, zimene zimavuta kwambiri nthawi ya dzinja komanso nkhosa ikangobereka. Onaninso mano ndi bere. Itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku lomwelo, musadikire Loweruka linalo.