Kasungidwe ndi kamwedwe ka vinyo wofiira

Sassicaia ndi vinyo wofiira wochokera ku Tenuta San Guido, munda waukulu wa mpesa womwe uli pafupi ndi mudzi wa Bolgheri, m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Tuscany ku Italy. Dzinali linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza miyala, poti dothi la kumeneko ndi lamiyalamiyala. Mwini malowo, Mario Incisa della Rocchetta, anabzala mpesa wa mtundu wa Cabernet Sauvignon m'zaka za m'ma 1940, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 vinyoyo ankangomwa a pabanjapo ndi alendo awo. Woyamba kugulitsidwa anali wa mphesa za 1968, atalowererapo katswiri wina, Giacomo Tachis. Wa 1985 anapatsidwa mapointi 100 pa 100 ndi wolawa vinyo wotchuka Robert Parker, ndipo wa 2015 magazini ya Wine Spectator inamusankha kukhala vinyo wopambana onse mu 2018. Asanathiridwe m'botolo, vinyoyu amagona m'migolo ya thundu pafupifupi zaka ziwiri, m'chipinda chozizira ndi chamdima.

Khama lonselo limatha kuwonongeka masana amodzi okha m'buti ya galimoto ku Itawa, dera la mumzinda wa Ndola. Paphwando lina la ukwati m'derali, botolo lodula la vinyoyu lomwe mlamu wa mkwati anabwera nalo pandege linatsekeredwa m'buti kuyambira m'mawa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pofika madzulo vinyo anali atayamba kuchucha m'mphepete mwa chitsekerero. Potsegula, chotsegulira panalibe, ndiye wina anangokankhira chitsekererocho mkati ndi mpeni wa kukhitchini, wina nathira ayezi, wina zakumwa zotsekemera, kenaka onse nagwirizana kuti vinyo wa Ataliyana ndi dzina chabe. Safunsa anadya phula. Chomvetsa manyazi n'chakuti Ndola ndi Ataliyana anadziwana kalekale: ansembe a Franciscan anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mmodzi wa iwo, Francis Mazzieri, nadzakhala bishopu woyamba wa Ndola, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973 mogwirizana ndi kampani ya Agip. Wofunsa akanapeza womuuza.

Mdani wamkulu wa vinyo ndi kutentha. Botolo losungidwa limafuna malo a madigiri 12 mpaka 15, osasinthasintha. Mu Okutobala mthunzi wa ku Ndola umapitirira madigiri 30, nanji m'galimoto yotseka mawindo. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekerero, mpweya n'kulowa, fungo la zipatso n'kusanduka ngati la jamu wopsereza. Akafika pamenepo sabwereranso, ngakhale atagona m'firiji sabata yathunthu. Madzi akatayika sawoleka. Ndiye botolo likagulidwa, kaya ndi Sassicaia kaya ndi la ku Stellenbosch kapena Paarl monga ambiri opezeka m'masitolo a ku Copperbelt, liyende kutsogolo ndi mwini wake, ulendo wolunjika kunyumba. Lisaperekezenso munthu kumsika, kosalitsa tsitsi ndi kumaliro.

Kunyumbako kulinso mlandu. M'nyumba zambiri botolo amaliimika pakabati ya magalasi pabalaza, pafupi ndi TV ndi zenera, kuti mlendo aliyense adziwe kuti pano pali ndalama. Mlendo amaonadi, koma dzuwa nalo limaona. Ena amaliika pamwamba pa firiji, pomwe pamatuluka mpweya wofunda usana ndi usiku. Malo oyenera ndi pansi m'kabati ya zovala, m'chipinda chosawombedwa ndi dzuwa, botolo litagona chammbali kuti chitsekerero chizikhala chonyowa. Chikauma chimanyala n'kulowetsa mpweya. Mabotolo a chitsekerero chopotokola akhoza kuima, koma kutentha nawo sakufuna.

Ena adzati anawerenga kuti vinyo wofiira amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda. Chipinda chimenecho ndi cha ku Ulaya, cha madigiri 16 mpaka 18, osati pabalaza pa ku Itawa masana magetsi atathima. Vinyo wofunda amangonunkha mowa ndi kuwotcha pakhosi. Choncho kuno botolo lilowe m'firiji kwa mphindi pafupifupi 30 lisanatsegulidwe. M'firiji, osati moundanitsira nyama ndi nsomba, chifukwa vinyo akazizira kwambiri fungo limabisala, mkamwa n'kungotsala kuwawa kokhakokha.

Za katsegulidwe sizofunika kutaya nazo nthawi. Chotsegulira chake n'chotsika mtengo kuposa botolo lililonse. Chofunika ndi kudekha. Vinyo wa zaka zambiri amakhala ndi masese, ndiye botolo liimikidwe tsiku limodzi kuti masesewo akhale pansi, kenaka vinyo atsanulidwe pang'onopang'ono m'jagi yagalasi yoyera, otsalira akuda aja n'kuwasiya m'botolo. Wa zaka zochepa, wokhala ndi ukali wa Cabernet, amafewa akakhala m'jagimo ola limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kumaphwando a masiku ano botolo limatha wojambula asanamalize n'komwe kujambula.

M'galasi muthiridwe gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti fungo lipeze posonkhana. Kudzaza mpaka m'milomo ngati chibuku n'kudzionetsa umbuli, ndiponso botolo la mamililita 750 loyenera anthu asanu limathera awiri. Galasi ligwiridwe pamwendo wake, chifukwa chikhatho nacho chimafunditsa vinyo. Ndipo amwedwe ndi chakudya: nyama ya ng'ombe yowotcha, ya mbuzi, ngakhale nkhuku ya kumudzi ndi nsima. Vinyo wotere amakhala ndi mowa wa maperesenti 13 kapena 14, kuposa kawiri mowa wamba wa m'botolo, ndiye womwa magalasi atatu pamimba yopanda kanthu n'kukhala pachiwongolero mumsewu wa Ndola kupita ku Kitwe akuika ana a eni pangozi. Achinyamata osakwana zaka 18 lamulo silikuwalola, ngakhale kungolawa pakona ya tenti.

Vinyo akatsala, botolo litsekedwe n'kuimikidwa m'firiji, ngakhale ali wofiira, ndipo amwedwe pasanathe masiku atatu. Akayamba kuwawasa angathiridwe mumphika wa nyama ikamawira, kapu imodzi pa kilo.