Chotchinga cha m'chikhodzodzo: makalata anu ndi mayankho a dokotala

Makalata atatu a lero akumana pa chiwalo chimodzi, chikhodzodzo.

Yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Mchinji. Akuti: "Adokotala, ana anga a Fomu 3 andifunsa kuti, poti mkodzo ndi zonyansa zimene impso zasefa, bwanji sizibwerera m'magazi munthu akagona usiku wonse osataya madzi?"

Aphunzitsi, anawo muwayamikire, afunsa zanzeru. Mumkodzo muli yureya, potaziyamu, amoniya ndi asidi, ndipo munthu akakhala ndi ludzu zinthuzi zimatha kuchulukana kwambiri poyerekeza ndi m'magazi. Chikhodzodzo chimasunga madzi oterewa, pafupifupi theka la lita, kwa maola ambiri. Mtsuko wadothi mukauthira madzi umachita thukuta kunja; chikhodzodzo chabwinobwino sichitero. M'kati mwake mwayalidwa kachikopa ka maselo osanjikizana patatu. Apamwamba, amene amakhudzana ndi mkodzo, ndi aakulu komanso ophwatalala. Pamsana pawo pakutidwa ndi timbale tolimba ta mapuloteni otchedwa uroplakin, ndipo m'mbali amamatana kwambiri moti mchere supeza polowera. Pamwamba pa zonsezi pali kamadzi koterera kamene kamalepheretsa mabakiteriya kukakamira. Chimene ine chimandigometsa n'chakuti chikhodzodzo chikamadzaza, maselowa amatulutsa timbale tina timene anasunga m'kati n'kudzikulitsa, ndipo mukataya madzi amatibwezanso. Chimafufuma, koma mpata sutseguka.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Lilongwe: "Mkodzo ukadzaza ndimamva kuwotcha pachinena, ndikataya ndimapezako bwino. Kuchipatala akayeza sapeza tizilombo. Ndamwa makapisozi kambirimbiri. Pano madzi ndinachepetsa kumwa."

Pepani mayi, ululu umenewu ndi weniweni, wina asakuuzeni kuti ndi maganizo chabe. Pa wailesi sindingakuyezeni, koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene madokotala amati bladder pain syndrome, lofala kwambiri mwa amayi. Mwa odwala ambiri kachikopa kaja kamakhala katafooka, potaziyamu n'kumadutsa kukafika pa mitsempha yomvera ululu ndi minofu ya pansi pake. N'chifukwa chake kuwawa kumakula mkodzo ukamachuluka.

Tsono kuchepetsa madzi kuja mukudzipweteka nako, chifukwa mkodzo wochepa ndiwo umakhala waukali. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse. Kwa milungu ingapo tayesani kusiya khofi, tiyi wamphamvu, zakumwa za gasi, tsabola ndi mowa, muone chimene chimakuputani. Makapisozi ogula pamsika lekani. Popanda mabakiteriya alibe choti aphe. Bwererani kuchipatala, mupemphe akuyezeninso likodzo, TB ndi matenda opatsirana pogonana.

Yomaliza ndi ya bambo wina, msodzi wa ku Nyanja ya Chilwa: "Mnyamata wanga wa zaka 11 akamamaliza kukodza pamagwa timadontho ta magazi. Akuluakulu akuti ndiye kukula."

Ayi bambo, si kukula kumeneko. Nthawi zambiri, kwa mwana wosewera m'nyanja, limenelo ndi likodzo. Tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi timalowa pakhungu, n'kukula kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake ali ndi kamunga kunsonga, ndipo amaboola kachikopa kaja kuti atulukire mumkodzo. Magazi amaoneka kumapeto chifukwa ndi pamene chikhodzodzo chimadzifinya. Mazira ena amakanirira m'khoma, zipsera n'kumachuluka chaka ndi chaka. Pakapita nthawi njira zochokera ku impso zimatha kutsekeka, ndipo ena amadwala khansa ya chikhodzodzo akadali a msinkhu wogwira ntchito.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu. Amapereka molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana, ndipo amwe atadya. Kachikopa ka mwana kamachira msanga nyongolotsi zikafa. Mupite naye sabata ino, ndipo inunso bambo, poti mumakhalira m'madzi omwewo, mukayezetse limodzi naye.