Phunzirolo lili pakhomo panu, mayi

Zikomo mayi athu a ku Ndirande chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu wa chaka choyamba ku yunivesite akungoloweza za kusintha kwa zamoyo koma sizikumulowa m'mutu.

Mayi, phunzirolo lili pakhomo panu pomwepo. Mu 1993 Malawi inasiya chloroquine chifukwa tizilombo ta malungo sitinkamvanso mankhwalawo: ankapha tofooka, tolimba n'kutsala kumaswana. Atachotsedwa, tolimbato tinayamba kuchepa, tikupambanidwa ndi tinzake, ndipo kafukufuku wa pa chipatala cha Ndirande, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti chloroquine wayambanso kuchiza ana.

Muuzeni akufotokozereni nkhaniyi m'mawu akeake, kenako atsegule buku. Aphunzitsi athu, chonde, muziyambira pa zoterezi. Komatu mayi, musakagule chloroquine. Malungo akabwera, thamangirani kuchipatala.