PHUNZIRO 17: MAGETSI AZIMA, NANGA NYAMA TIYITANI?

Tiwerenge pamodzi

Magetsi azima.
Nyama ili m'filiji.
Nyama sidikira munthu.
Tiphike nyama ipse mpaka m'kati.

Kwathu kuno

Ife timakhala ku Cassacatiza, m'boma la Chifunde, m'chigawo cha Tete. Pano ndi pamalire. Tikaoloka malire tafika ku Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo msewu upitirira mpaka ku Katete. Malole ambiri amadutsa pano. Ena achokera ku doko la Beira, ena akupita komweko. Madalaivala amaima kudikira mapepala. Njala ikawapweteka amafuna nsima ya nyama, kapena kanyenya.

Choncho mbuzi zathu, nkhumba zathu ndi nkhuku zathu zili ndi msika. Mbuzi imodzi ndi ndalama ya mbewu. Ndi ndalama ya makope a ana. Kutaya nyama ya mbuzi yathunthu si nkhani yamasewera ayi.

Kale tikapha mbuzi tinkagawana tsiku lomwelo, yotsala n'kufutsa. Lero ena a ife timasunga nyama m'filiji, imene ena amati jelera. Filiji ndi yabwino ndithu. Koma imadalira magetsi, kaya a pawaya, kaya a jenereta, kaya a dzuwa. Magetsi akazima, filiji isanduka bokosi chabe.

Kodi magetsi azimiranji?

Damu lalikulu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, ku Songo, pa mtsinje wa Zambezi. Khoma lake linatha kumangidwa mu 1974. Komabe magetsi amazima. Mphepo igwetsera mitengo pa mawaya. Mphezi imenya. Jenereta itha mafuta. Batire la sola lifooka kukachita mitambo.

Chilala nachonso chimazimitsa magetsi. Mu 2024 mvula inavuta, ndipo madzi anachepa kwambiri m'damu la Kariba. Abale athu a ku Zambia anakhala mumdima. Masiku ena magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Tiyeni tidziwiretu chochita.

Mdani wosaoneka

Pa nyama yaiwisi pamakhala tizirombo toyambitsa matenda. Ndi tating'ono zedi. Maso satiwona. Timafika pa nyama kuchokera m'matumbo a chiweto, pa mpeni, m'manja ndi pa miyendo ya ntchentche.

Tizirombo timeneti timakonda malo ofunda. Kutentha timakuyesa ndi madigiri. Madzi amaundana pa 0. Madzi amawira pa madigiri 100. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limatiphunzitsa kuti tizirombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. M'filiji yozizira bwino timangogona. Mumphika wowira timafa. Koma mu Okutobala ndi Novembala, kuno kukatentha, timasangalala.

Pamalo pofunda, kachirombo kamodzi kangathe kugawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tiwerengere limodzi:

Pakatha ola 1, tili 8.
Pakatha maola 2, tili 64.
Pakatha maola 3, tili 512.
Pakatha maola 4, tili 4,096.

Taonani! Tayamba ndi kamodzi kokha. Koma pa nthuli ya nyama sipakhala kamodzi. N'chifukwa chake tikuti nyama sidikira munthu.

Choyamba: tilembe nthawi, titseke chitseko

Magetsi akazima, tiyang'ane wotchi kapena foni. Tilembe nthawi pa pepala, timate pa chitseko cha filiji. Apa kulemba kumene taphunzira kukutithandiza.

Kenaka tisatsekule chitseko. Ana asabwere kudzasuzumira. Ogula asabwere kudzafuna madzi ozizira. Kutsekula kulikonse kumatulutsa kuzizira.

Filiji yosatsekula imasunga kuzizira kwa maola 4.
Filiza, ija youmitsa nyama gwa, ikakhala yodzaza imasunga maola 48.
Filiza ikakhala ndi katundu theka imasunga maola 24.

Tisadikire kuti maola athe. Tikaona kuti ola lachitatu lakwana magetsi osabwera, tikoleze moto.

Chachiwiri: tisankhe nyama

Tisambe m'manja ndi sopo. Titulutse nyama, tiyike milu itatu.

Mulu woyamba ndi nyama youma gwa, kapena imene ikadali ndi ayezi m'kati. Imeneyi ili bwino. Tiyibwezere m'filiza msanga, tiyiunjike pamodzi.

Mulu wachiwiri ndi nyama yosungunuka koma yozizirabe tikaigwira. Imeneyi tiphike lero lomwe, kapena tifutse. Tiyambe ndi zam'kati: chiwindi, matumbo, mapapo ndi nthumbwana. Kenaka nkhuku, nsomba ndi nyama yogaya. Zimenezi ndizo zimaonongeka msanga.

Mulu wachitatu ndi nyama imene yafunda kwa maola oposa 2, kapena yanunkha, yatereka, yasintha mtundu. Imeneyi si ndiwo ayi. Tikumbe dzenje lakuya, tiyikwirire, kuti agalu ndi nkhumba zisafukule.

Tisalawe nyama pofuna kudziwa ngati ili bwino. Mphuno nayonso imanamiza. Nyama ina sinunkha, koma ikhoza kudwalitsa.

Tsabola sachotsa poizoni

Tiyerekeze kuti tili pa sitolo ya koperativa. Magetsi anazima dzulo masana. Filiji yafunda usiku wonse. M'katimo muli nyama ya mbuzi ziwiri.

Mnyamata wina akuti: "Aa, a mlembi, nyamayi sinanunkhetu. Tingoithira tsabola wambiri, tiotche, tigulitse kwa a malole. Iwowa mawa ali ku Beira. Atidziwa ndani?"

Agogo ena akuyankha: "Iyayi, mwana wanga. Dalaivala ameneyo ali ndi ana ngati iwe. M'mimba mukamupotokola ali pa chiwongolero, lole ikagwera yani? Ndipo yotsala adya ndani, si ana athu omwe?"

Agogowa anena zoona. Tizirombo tina tikachulukana timasiya poizoni mu nyama. Moto upha tizirombo, koma poizoni wina saphedwa ndi moto. Tsabola abisa fungo basi. Tikagulitsa nyama yotere, tapha dzina la koperativa. Mbiri imayenda ndi malole omwewo, kuyambira ku Tete mpaka ku Katete. Kutaya mbuzi ziwiri kumapweteka. Koma mbuzi zimaswana. Munthu akapita sabwerera.

Chachitatu: tiphike ipse

Magetsi akazima usiku timaphika mumdima, ndiponso mothamanga. Apa ndi pamene nyama imapsa kunja, m'kati muli mwazi. Tichite motere:

1. Tikhale ndi nyali kapena tochi pafupi ndi moto.
2. Tidule nyama nthuli zing'onozing'ono. Nthuli yaikulu imachedwa kupsa pakati.
3. Nyama youma ndi ayezi tisaiponye pa makala. Idzapserera kunja, m'kati muli mozizira. Ndi bwino kuiwiritsa mumphika.
4. Mphika uwire, ubwate ndithu, tivundikire.
5. Pootcha, tidikire malawi athe, makala afiire. Titembenuze kawirikawiri.
6. Titenge nthuli yaikulu koposa, tiyidule pakati, tiunike ndi tochi. M'kati musakhale mofiira. Madzi otuluka akhale oyera, opanda magazi. Nkhuku tiyiyang'ane pafupi ndi fupa la ntchafu.

A WHO amati chakudya chifike madigiri 70 paliponse, ndi m'kati momwe. Ambiri tilibe choyesera kutentha. Mpeni, tochi ndi maso ndizo zida zathu.

Nyama yopsa isabwerere m'mbale imene munali yaiwisi. Mpeni ndi thabwa zodulira yaiwisi tizitsuke ndi sopo ndi madzi otentha tisanadulire tomato kapena anyezi.

Nyama ikapsa tidye ikadali yotentha. Isakhale pambali kupitirira maola 2. Ya malonda ikhale pamoto pang'onopang'ono, itenthebe. Potenthetsanso ndiwo, ziwire mpaka kubwata. Kungofunditsa sikuthandiza.

Nkhumba ifuna maso awiri

Mu nyama ya nkhumba zina mumapezeka timatuza toyera, tonga njere za mpunga. Anzathu a ku Katete amati masese. Vuto limeneli limadziwikanso ku Angónia, m'chigawo chathu chino. Timatuzati timaoneka pa lilime, pa mtima ndi m'minofu ya ntchafu.

Munthu akadya nyama yotere yosapsa, m'mimba mwake mumakula nyongolotsi yaitali yaphanthiphanthi. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja akuda, m'madzi kapena m'chakudya, timatuza tingamere mu ubongo. Munthu ayamba kugwa khunyu.

Mumdima masese saoneka. Choncho nkhumba tiyiphe ndi kuiyang'ana masana. Ya masese tisadye, tisagulitse. Nkhumba zikhale m'khola, ndipo banja lililonse likhale ndi chimbudzi.

Mbaula ikhale panja

Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa. Mpweya umenewu suoneka, ndipo sununkha. M'nyumba yotseka umapha anthu ali m'tulo. Munthu ayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka.

Mbaula ikhale panja, pakhonde, kapena m'khitchini molowa mphepo. Ngakhale kugwe mvula, ngakhale kuzizire mu Juni, tisagone ndi mbaula m'nyumba. Jenereta nayonso ikhale panja, kutali ndi zenera. Wina akayamba chizungulire, timutulutse panja msanga, tipite naye kuchipatala.

Nzeru za makolo: kufutsa

Nyama ikachuluka, sitingaidye yonse tsiku limodzi. Makolo athu analibe filiji, koma nyama ankasunga. Njira yake ndi iyi:

1. Tisankhe nyama yabwino, ya mulu wachiwiri. Yoonongeka safutsa.
2. Tichotse mafuta. Mafuta ndiwo amayamba kununkha.
3. Tidule mizere yaitali, yopyapyala, yosaposa chala kunenepa.
4. Tipake mchere wambiri mbali zonse.
5. Tiyale pa nsanja kapena pa waya, pamwamba pa moto wa nkhuni zouma. Mizere isagundane.
6. Moto usazime, ndipo usakule. Tikufuna kutentha ndi utsi. Utsi umathamangitsa ntchentche.
7. Titembenuze mpaka nyama iume gwa. Tikaithyola m'kati musakhale monyowa.
8. Tisunge mudengu lolowa mphepo, tipachike pamwamba. Tisaike m'pepala la pulasitiki, ingachite nkhungu.

Nyama yofutsa tiyiphikenso tisanadye, makamaka ya nkhumba. Utsi wokha supha masese.

Wina akadwala

Zizindikiro zake ndi kusanza, kutsekula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi. Ana, amayi apakati, okalamba ndi odwala kale ndiwo amafooka msanga.

Wodwala amwe madzi ambiri. Ngati tili ndi paketi ya mankhwala a mchere ndi shuga ya kuchipatala, tisungunule monga alembera. Ngati tilibe, titenge lita imodzi ya madzi owiritsa, atazizira. Tithire masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Amwe pang'onopang'ono. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Tikaona magazi m'chimbudzi, kapena wodwala akulephera kumwa, kapena maso alowa m'kati, tisachedwe. Tithamangire kuchipatala.

Ntchito ya koperativa

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wathu tigwirizane izi:

Tiziphe chiweto pamene ogula alipo, osati kupha zambiri n'kudalira filiji.
Tisankhe munthu mmodzi wosunga kope la filiji. Alembe tsiku limene nyama yalowa ndi nthawi imene magetsi azima.
M'filiza tiziikamo mabotolo a madzi kuti aundane. Amathandiza kusunga kuzizira.
Pa sitolo pakhale mchere, makala, nkhuni, machesi, tochi ndi nsanja yomanga kale.
Nyama ikatayidwa, chitayikocho tigawane tonse. Tikatero palibe amene adzabise nyama yoonongeka poopa kulipira yekha.

Mau oti tilembe

magetsi, filiji, madigiri, tizirombo, poizoni, masese, mbaula, kufutsa, nsanja

Mafunso okambirana

1. Magetsi akazima, choyamba kuchita n'chiyani?
2. Tchulani milu itatu ya nyama. Mulu uliwonse tiutani?
3. Mnyamata uja anafuna kuchita chiyani? Inu mukanamuyankha bwanji?
4. Tidziwa bwanji kuti nyama yapsa?
5. N'chifukwa chiyani mbaula sigona m'nyumba?

Masamu

1. Magetsi azima 8 koloko m'mawa. Filiji isunga kuzizira maola 4. Maolawo atha nthawi yanji?
2. Filiza yodzaza isunga maola 48. Amenewa ndi masiku angati?
3. Koperativa ili ndi makilo 20 a nyama. Taphika makilo 6, tagulitsa makilo 5. Tifutsa makilo angati?

Ntchito ya kunyumba

Aliyense alembe mau awa ndi zilembo zazikulu, akamate pamene pali filiji kapena pophikira:

LEMBA NTHAWI. TSEKA CHITSEKO. PHIKA IPSE. UKAKAYIKA, KWIRIRA.