Kasungidwe ka Makina Otchetchera Udzu pa Bwalo la Tchalitchi

Mipingo yambiri yagula makina a petulo otchetchera udzu, amene munthu akankha ndi manja alikuyenda pambuyo pake. Ndalama zake zichokera m'zopereka za Akhristu, ndipo sizisonkhana msanga. Koma kawirikawiri makinawo agwira nchito dzinja limodzi lokha, nagona m'chipinda cha kuseri kufikira adyedwa ndi dzimbiri. Phunziro ili linena za kasungidwe kake, ndipo chitsanzo chatengedwa ku Chowa, m'tauni ya Kabwe, pakuti kumeneko udzu wa pabwalo uteteza moyo wa ana.

Chifukwa chake cha udzu ku Chowa

M'chaka cha 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalo amene anawatcha Broken Hill, potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafikako m'chaka cha 1906, ndipo tauni imene inamera pamenepo ndiyo Kabwe wa lero. Mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma utsi ndi zotayidwa zake za zaka zambiri zinasiya mtovu m'dothi la Chowa, Kasanda, Makululu ndi midzi ina yoyandikana nawo. Mtovu suola monga ziolera zinyalala. Ukhalabe m'dothi mibadwo ndi mibadwo. Mwana wosewera pa fumbi aumeza ndi kuupuma, ndipo ukalowa m'mwazi uononga ubongo, uchepetsa mwazi, nubwezera nzeru m'mbuyo. A bungwe la World Health Organization anena kuti palibe muyeso wa mtovu m'mwazi umene udziwika kuti suvulaza.

Tsono bwalo lokutidwa ndi kapinga ligwira dothi kuti mphepo ya mwezi wa Ogasiti isaliulutse, ndipo ana akhala pa udzu osakhudza nthaka. Makina osamalidwa bwino athandiza kapinga kuyanga ndi kuthithikana. Makina onyalanyazidwa amzula, nasiya dazi pabwalo, nautsa fumbi lomwelo limene anthu alikuliopa.

Zimene injini ifuna

Injini ya makina awa ifuna zinthu zinai: mpweya woyera, petulo wabwino, moto wa pulagi, ndi oilo. Chimodzi chikasowa, nchito yaima.

Oilo ayesedwe tsiku lililonse asanalize injini, makina ataima pamalo osalaza. Injini zambiri zazing'ono zilandira oilo wa SAE 30, monga theka la lita. Pa makina atsopano oilo atayidwe atagwira nchito maora 5 oyamba, ndipo pambuyo pake maora 50 ali onse, kapena kamodzi pa chaka; kumalo a fumbi asinthidwe msanga koposa apo. Oilo wakale asathiridwe m'munda kapena pafupi ndi chitsime.

Sefa ya mpweya ndiyo mphuno ya injini. Ionedwe maora 25 ali onse, ndipo pa fumbi kawirikawiri. Ikakhala ya siponji ichapidwe ndi sopo, iume, ndipo idonthezedwe oilo pang'ono. Ikakhala ya pepala, yakuda ichotsedwe naikepo yatsopano. Ku Chowa munthu asauzire sefa ndi pakamwa kapena kuikutumula pamene pali ana, pakuti fumbi la m'menemo ndilo la dothi la pabwalo.

Petulo akakhalitsa m'thanki kupitirira mwezi umodzi ayamba kuonongeka, nasiya utomoni wotseka timabowo ta kabureta. Ichi ndicho chipha makina ambiri. Mvula ikatha m'mwezi wa Epulo udzu uleka kukula, makina nasungidwa ndi petulo wake. Pofika Novembala akana kulira. Chotero potchetcha kotsiriza wosamala makina alize injini kufikira petulo atha yense ndi injini izima yokha.

Makina akakana kulira

Munthu wopanda chipiriro akoka chingwe kufikira chiduka, kapena ayamba kumasula zitsulo zimene sazidziwa. Wanzeru ayamba ndi zapafupi. Aone ngati muli petulo, ndiponso ngati ali watsopano. Aone ngati wagwira chitsulo cha buleki pamodzi ndi chogwirira, pakuti makina ambiri salira chikatayidwa. Aone ngati waya wa pulagi wakhala zolimba. Zitatha izi amasule pulagi naiyang'ane. Ikakhala youma, petulo safika, ndipo chilema chili m'paipi kapena m'kabureta. Ikakhala yonyowa, petulo wachuluka. Aipukute, adikire kanthawi, nayesenso. Ikakhala ndi mwaye aitsuke ndi burashi ya waya, nayese mpata wa pamlomo pake, umene pa injini zambiri za Briggs & Stratton uli 0.76 mm.

Utsi nawonso uphunzitsa. Utsi wakuda usonyeza kuti mpweya uchepa, ndipo kawirikawiri sefa yatsekeka. Utsi wotuwa kapena wobiriwira usonyeza kuti injini ilikutentha oilo, kapena chifukwa anamthira wambiri, kapena chifukwa makina anapendekedwa molakwa. Popendeka makina, mbali ya sefa ndi kabureta iloze kumwamba. Injini ikamakwera ndi kutsika mau ake, kabureta ifuna kutsukidwa. Makina akagunda mwala nayamba kunjenjemera kolimba, azimitsidwe pomwepo: mpeni wapindika, kapena mtanda umene uuzunguza. Nchito yotere ipite kwa mmisiri.

Mpeni ndi msinkhu wa udzu

Munthu asaike dzanja kunsi kwa makina asanachotse waya wa pulagi, pakuti kuzunguza mpeni ndi dzanja kukhoza kudzutsa injini, ndipo zala zoduka sizimeranso. Mpeni unoledwe ndi tupa mbali zonse ziwiri mofanana. Atanola aupachike pa msomali pa bowo lake la pakati. Mbali imene itsika ndiyo yolemera, ndipo ipalidwenso. Mpeni wobuntha ung'amba udzu, nsonga zake nizifota.

Magudumu akwezedwe kuti udzu utsale wa msinkhu wa masentimita 5 kapena kuposapo, ndipo pa ulendo umodzi asadule koposa gawo limodzi la magawo atatu a msinkhu wake. Kumeta udzu mpaka pansi kuoneka ngati kupulumutsa petulo, koma kuumitsa mizu ndi kuvula nthaka. Ku Chowa atchetche pamene nthaka ikali ndi chinyezi, osati tsiku la mphepo, ndipo asapitirize makina olira pamalo opanda udzu, chifukwa mpeni uutsa fumbi monga kamvuluvulu. Miyala itoledwe poyamba, ndipo ana akhale kutali. Udzu wodulidwa usatenthedwe. Usiyidwe pansi kuti uphimbe dothi ndi kulidyetsa. Atatha nchito, wotchetcha asambe m'manja ndi kumaso, nasinthe zovala ndi nsapato asanalowe m'nyumba kapena kunyamula mwana.

Udindo wa mpingo

Buku la Genesis, mutu 2, liphunzitsa kuti nchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yosamala munda, ndipo pa Luka 16 Ambuye ayesa kukhulupirika kwa mdindo ndi zinthu zazing'ono. Chinthu cha anthu onse chionongeka msanga pamene palibe mmodzi wochiyankhira. Akulu a mpingo asankhe munthu mmodzi wosunga makina, nampatse kabuku kolembamo tsiku, maora a nchito, ndi tsiku losintha oilo. Ndipo msungichuma apatule kandalama ka oilo, pulagi ndi sefa chaka ndi chaka. Mipingo ya kumidzi imene dothi lake lilibe mtovu isunge malangizo omwewa, kuti zopereka za amasiye ndi alimi zisatayike. Ndipo amene ali ndi abale ku Chowa awakumbutse kubzala kapinga, kumthirira m'chilimwe monga akhoza, ndi kupita ndi ana ku chipatala kukayezetsa mwazi.

Mafunso a pa msonkhano wa akulu: Kodi katundu wa mpingo uno ali m'manja mwa yani? Kodi analembedwa m'buku? Kodi ana a Sande sukulu asewera pa udzu kapena pa fumbi?