Émile Mâle ndi Miyala Yophunzitsa

Pa tchuthi chathachi mnzanga wa mpingo wina anandifunsa kuti, "Kodi zifanizo zadzaza m'tchalitchi mwanuzi si mafano?" Ndinangoti kakasi, kusowa choyankha. Nditabwerera ku seminale kuno ndinakadandaula kwa bambo wotiphunzitsa mbiri ya Mpingo, ndipo iwo anandifotokozera za munthu wina wa ku France, dzina lake Émile Mâle.

Mâle anabadwa m'chaka cha 1862 m'tauni ya migodi ya Commentry. Moyo wake wonse anaupereka pofufuza tanthauzo la zithunzi za m'mawindo ndi zosema za m'matchalitchi akale. Anaphunzitsa pa yunivesite ya Sorbonne ku Paris, ndipo kuyambira 1923 mpaka 1937 anali mkulu wa sukulu ya Afalansa ku Roma. Anamwalira mu 1954.

Buku lake loyamba, lonena za luso la m'matchalitchi a ku France a zaka za m'ma 1200, linatuluka mu 1898. M'nthawi yake anthu ambiri ankangosirira kukongola kwa makatedralo monga ya Chartres, koma tanthauzo la zosemazo anali ataliiwala. Mâle anawerenga Baibulo, maulaliki akale ndi mbiri za oyera, napeza kuti amisiri sankasema zongoganiza okha. Ankatsata chiphunzitso cha Mpingo. Potengera buku la Vincent wa ku Beauvais, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, iye anagawa zithunzizo m'magulu anayi: chilengedwe, maphunziro, makhalidwe ndi mbiri ya chipulumutso.

Tiyeni tione chitsanzo. Pa khomo la kumpoto la katedralo ya Chartres pali Melkizedeki atanyamula chikho, ndipo pambali pake pali Abrahamu ndi Isaki womangidwa. Mlendo angaone miyala chabe. Koma Mkhristu wophunzitsidwa amaona kuti chikhocho chikulozera ku Ukaristia, ndipo Isaki akulozera kwa Ambuye Yesu, Mwana woperekedwa nsembe. Motero Chipangano Chakale chikukonza njira ya Chipangano Chatsopano. Ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga ankatha kuphunzira katekisimu ndi maso.

Ntchito ya Mâle inafika patali. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1913, ndipo mlembi wotchuka Marcel Proust ankalemba makalata ofunsa nzeru kwa iye pa za matchalitchi akale.

Anzanga, phunziro langa ndi ili: chifanizo chimene tanthauzo lake laiwalika chimasanduka chokongoletsa chabe, ndipo otitsutsa amapeza ponenera. Ife tikufuna kudzakhala ansembe. Kodi mwana akadzatifunsa chifukwa chake Petro Woyera wanyamula makiyi, tidzamuyankha chiyani? Tiyambe lero ndi zithunzi 14 za Njira ya Mtanda za m'chapelo mwathu. Tchuthi chikubwerachi ndikamufunafuna mnzanga uja, tikaimirire limodzi pa chithunzi choyamba.