Wopima Maso Sagulitsa Magalasi Cabe

M'makomboni ambiri, munthu akayamba kulephera kulowetsa ulusi pasingano kapena kuwerenga Baibulo, amathamangira kumsika kukagula magalasi a pathebulo. Nthawi zina amathandizika ndithu, pakuti munthu akafika zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi. Koma wogulitsa pamsika sangaone za m'kati mwa diso. Imeneyo ndi nchito ya wopima maso, amene pa Cingerezi amachedwa optometrist.

Munthu akafika kwa iye, amamukhazika mamita 6 kucokera pa cikwangwani ca zilembo ndi kupima diso limodzi, lina atatseka. Osadziwa kuwerenga asacite manyazi: pali cikwangwani ca cilembo E cokha, ndipo amangoloza ndi dzanja kumene miyendo yake yayang'ana. Kenaka amamuyesa magalasi osiyanasiyana kufikira apeze oyenera diso lililonse, cifukwa maso awiri sakhala ofanana nthawi zonse.

Cacikulu ndi ici: amaunika m'kati mwa diso ndi kupima mphamvu ya madzi a m'disomo. Apa ndi pomwe amagwirira glaucoma, nthenda imene kawirikawiri siwawa, koma imapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono kuyambira m'mbali. Kuona kumene kwatayika sikubwereranso, ngakhale munthu agule magalasi odula cotani. Shuga ndi BP nazonso zimasiya zizindikiro m'diso, ndipo ena amayamba kudziwira komweko kuti akudwala. Wopima maso sacita opaleshoni. Akapeza ng'ala kapena nthenda ina yaikulu, amalemba kalata yotumiza wodwala kwa dotolo wa maso.

Ana a sukulu naonso ndi ake. Mwana wotsinzinira poyang'ana pabolodi amachedwa waulesi, pamene afuna magalasi cabe.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchitoyi akhoze bwino masamu, sayansi ndi Cingerezi pa Giredi 12. Maphunziro ake anayambira pa Chainama College ku Lusaka, imene tsopano iri pansi pa Levy Mwanawasa Medical University. Akatsiriza ayenera kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia asanayambe kupima anthu. Ena amalowa m'zipatala za boma ndi za mishoni, ena m'masitolo a magalasi m'tauni. Kutsegula malo akeake n'kotheka, ngakhale makina opimira ndi odula. Opima maso ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo wolola kukagwira nchito kumaboma akutali adzapeza anthu akumuyembekezera.